Zilembo Zitatu za Mayi Elube

M'dziko la Tazolowera, limene simungalipeze pa mapu chifukwa wojambula mapu analemba dzina la mtsinje mokulirapo kuposa la Amfumu, munali mayi wina wogulitsa anapiye, dzina lake Elube Kansungwi. Sitolo yake inali pamsika wa Tidikire, pakati pa mkulu wowotcherera njinga ndi a Lufeyo okhoma mabokosi a maliro. Iye ankati malowo ndi abwino pa bizinesi, poti munthu aliyense amadutsapo tsiku lina, wofuna ndi wosafuna yemwe.

Amene sanawetepo nkhuku sadziwa kuti mwanapiye wa tsiku limodzi alibe chipiriro. Lole inkabwera nawo kuchokera ku likulu, kumene makina amaswa mazira, ndipo inkafika Lachiwiri, kapena Lachinayi, kapena tsiku lililonse limene msewu wadzuka bwino. Akangotsitsidwa, dzuwa lisanalowe anayenera kukhala ali m'makola a eni ake, pafupi ndi mbaula, akumwa madzi. Kupanda kutero ankayamba kugwa mmodzimmodzi osatsanzika. Tsono alimi a Mayi Elube analipo 900, ena a kuseri kwa mapiri, ulendo wa maminibasi awiri ndi kabaza pamwamba.

Chimene chinkagwira bizinesi yonseyi chinali kanthu kochepa ngati chala. Patebulo la kuseri kwa sitolo panali kompyuta yakale yotsokomola poyaka, ndipo m'nthiti mwake ankabayamo modemu, kachipangizo kolowetsamo simukhadi, kokhala ndi kanyali kobiriwira. M'kompyutamo munali mndandanda wa manambala a alimi onse. Anautolera zaka zisanu ndi ziwiri, pamaliro, pazinkhoswe, m'maminibasi, nambala imodziimodzi. Lole ikaima pakhomo, Mayi Elube ankalemba uthenga kamodzi kokha, n'kudina batani, kanyali kaja n'kuyamba kuphethira. Pasanathe ola, mafoni 900 anali atalira m'matumba a mathalauza ndi pansonga za zitenje.

Modemuyo inali ndi khalidwe limodzi loipa. Meseji imodzi inkanyamula zilembo 160 basi, kuwerengera mipata ndi mipatuliro yomwe, ndipo chopitirira pamenepo inkadula ngati telala wokwiya. Koma masiku amenewo zilembo 160 unali munda waukulu. Mayi Elube ankatha kulemba motakasuka kuti: "Moni alimi. Anapiye a nyama ndi a mazira afika lero pa Tidikire. Bwerani ndi makatoni oboola, osati majumbo. Titseka 5 koloko. Ndine Elube." Malo n'kutsalabe.

Nkhaniyi inafika kunyumba yachifumu kudzera m'khola la nkhuku, chifukwa akazi a nduna zambiri ankaweta, ndipo manambala awo anali pamndandanda uja. Amfumu Nditameni Wachiwiri atamva, anakankhira kumbali mbale ya chakudya. Iwo akafuna kulankhula ndi anthu 900 ankafunika malole khumi otuta anthu, zitenje za nkhope yawo ndi mabanzi. Koma mayi wa anapiye ankangodina batani, anthu n'kubwera okha, pa thiransipoti yawo, akuthamanga.

Anaitanitsa bwalo la nduna. Amene anapeza mankhwala a nthendayi anali a Chinyambita, Nduna ya Mayina ndi Maulemu, munthu amene anakwera maudindo onse a m'dziko ali chogwada.

"Mbuye wanga," anatero a Chinyambita, "funso ndi limodzi. Mamesejiwa amadutsa kuti? Amadutsa mumlengalenga. Nanga mlengalenga ndi wa yani? Kodi mlendo angadutse pabwalo la mwini wake osapereka moni?"

Nduna zinawomba m'manja mpaka ina inadula lamba wa wotchi.

Lamulo la Ulemu wa Mumlengalenga linawerengedwa pamsika wa Tidikire ndi chinkuzamawu. Uthenga uliwonse wochokera pakompyuta kupita kwa anthu oposa khumi uyambe ndi mayina onse a Amfumu, kenaka mpatuliro ndi mpata waulemu. Kufupikitsa dzina la Amfumu ndi kufupikitsa Amfumu amene. Kutumiza uthenga wa zigawo ziwiri n'koletsedwa, chifukwa chigawo chachiwiri chimafika chopanda mutu, ndipo chinthu chopanda mutu m'dziko la mfumu ndi chipongwe. Wolakwira lamuloli alandidwa modemu, ndipo mndandanda wake ufufutidwa pamaso pa gulu.

"Ine zandikomera," anatero a Lufeyo akupala thabwa. "Makasitomala anga sawerenga meseji."

Mayi Elube sanaseke. Anatenga pensulo n'kuyamba kuwerenga pa katoni. Nthawi imeneyo mayina anali atatu okha: Amfumu Nditameni Wachiwiri, Mkango Wosayasamula, Mvula ya Chilimwe. Zilembo 68. Zotsala 92. Anapuma. Munthu angathe kukhala ndi moyo pa zilembo 92.

Chimene sanawerengere n'chakuti Unduna wa Mayina ndi Maulemu unali ndi antchito makumi anayi, ndipo onsewo ankafunika kuoneka kuti akugwira ntchito. Mvula itagwa pa tsiku lobadwa la Amfumu, anawonjezera Mwini Nthaka ndi Mitambo. Amfumu atachira chimfine osamwa mankhwala, anakhala Dokotala wa Madokotala. Atatsegulira ndende yatsopano, anawapatsa la Bambo wa Amasiye. Atagula mfuti zodzadza sitima, linabwera la Mzati wa Mtendere.

Dzina likamakula, uthenga wa Mayi Elube unkaonda. Choyamba kutayidwa anali moni, ndipo izi zinamuwawa, chifukwa anakulira pakhomo pamene munthu wosapereka moni ankamufunsa ngati wadwala. Kenaka anapita makatoni ndi majumbo. Kenaka nthawi yotsekera. Kenaka dzina lake lomwe. Pa nthawi ya Bambo wa Amasiye ankalembabe "Anapiye afika, bwerani." Mzati wa Mtendere utadzalidwa, zilembo zinatsala zisanu, ndipo anapiye omwe anachotsedwa m'nkhani yawo yomwe. Lole ikabwera ankalemba "Afika." Katundu akatha ankalemba "Atha," kuti a kutali asavutike ndi ulendo.

Mwina mukuganiza kuti pamenepa ndi pamene anamangidwa, poti uthenga wonena kuti Mzati wa Mtendere atha si uthenga wabwino kuupeza m'foni. Ayi ndithu. A ku Unduna ankawerenga kumutu kokha, kuona ngati mayina ali onse ndi m'ndondomeko yake, akafika pa Mtendere n'kudinda chidindo. Alimi ankawerenga kumchira kokha. Boma ndi anthu ankalandira uthenga umodzi womwewo kwa miyezi isanu osakumana pakati, monga zimakhalira m'dziko lamtendere.

Ndiye kunabwera nkhani ya ma o.

Wina ku Unduna anazindikira kuti alakatuli a kunyumba yachifumu akamatamanda sati "Mkango" mwachidule ngati akuitana galu. Amakoka. Bwalo la nduna linakhala masiku atatu, n'kugamula kuti kuyambira Lachiwiri lachiwiri la Okotobala, dzinalo lizilembedwa Mkangooo. Ma o awiri atsopano.

Mayi Elube anawerenganso pa katoni, kawiri, kachitatu ndi zala. Zilembo 157. Zotsala zitatu.

"Ndiye muzilemba chiyani, mayi?" anafunsa a Lufeyo.

"Afi," anayankha Mayi Elube. "'Ka' wotsalayo azimalizitsa okha. Ali ndi mitu."

"Chenjerani nazo. Dziko lino mutu ndi katundu woletsedwa."

Lachiwiri limenelo lole ya anapiye inanyamuka ku likulu m'mawa, ndipo Lachiwiri lomwelo unali mwambo wovundukula ma o. Anawapanga ndi matayala awiri a thirakitala opaka utoto wa golide, n'kuwakweza pa ngolo, kuti ayende msewu wonse waukulu anthu awaone. Msewu unatsekedwa. Dalaivala wa lole, a Jailosi, anaimitsidwa pa chipata cha apolisi 8 koloko. Anagwada, anachonderera, anatsegula katoni imodzi kuti wapolisi amve kulira kwa tizamoyo. Wapolisi anati palibe chodutsa ma o asanadutse, ngakhale ambulansi, ngakhale mtembo. Ma o anachedwa chifukwa limodzi linagubuduka pa chitsikiro n'kukagwera m'dimba la munthu, ndipo panafunika nduna yoti ikalitulutse mwaulemu. Dzuwa la Okotobala lilibe lamulo. Msewu unatsegulidwa 3 koloko masana.

Lole itaima pa Tidikire, Mayi Elube anadziwa asanatsegule chitseko. Lole ya anapiye imamveka ikadali patali, phokoso lake ngati mvula pa malata. Iyi inali zii. Anatsegula katoni yoyamba, yachiwiri, yakhumi. A Jailosi anavula chipewa n'kuyang'ana pansi. Anapiye 3,000 anali atagona chammbali, timiyendo titawongoka.

Anakhala pa katoni yopanda kanthu, ndipo mtima unamupweteka kwambiri. Anafuna kulira, koma anakumbukira alimi ake. Sabata yonse anali akutsuka makola, atagula makala ndi chakudya cha anapiye. Akapanda kumva kanthu, mawa adzakwera maminibasi awo awiri kudzafunsa. Kuwaimbira mmodzimmodzi anthu 900 sikukanatheka. Analowa kuseri, anayatsa kompyuta, anabaya modemu. "Afi" uja anali atamulemba kale m'mawa, akudikira. Anafufuta chilembo chimodzi n'kuikapo china. Uthenga unatuluka motere, wosalakwira lamulo ngakhale pa mpatuliro:

"Amfumu Nditameni Wachiwiri, Mkangooo Wosayasamula, Mvula ya Chilimwe, Mwini Nthaka ndi Mitambo, Dokotala wa Madokotala, Bambo wa Amasiye, Mzati wa Mtendere, Afa"

Kanyali kobiriwira kanaphethira ka 900.

Alimi a pafupi anathamangira kumsika. Mayi Nasiwelo, amene ankalera adzukulu anayi ndi nkhuku zokha, anadzigwetsa pansi pakhomo pa sitolo. "Mayo ine! Ndidzadya chiyani ine? Ana apita bwanji kusukulu? Afa bwanji dzulo lomweli tili kuwakonzera malo?" Amayi ena anamuthandiza kulira, azibambo anagwira m'chiuno n'kumapukusa mitu. Kazitape wa boma, amene aliyense pamsikapo ankamudziwa chifukwa ndi yekhayo ankavala jekete mu Okotobala, analemba m'kabuku kake kuti anthu akulira kwambiri.

Ku likulu, a Chinyambita anali atangovula nsapato, atatopa ndi kuperekeza ma o. Anamva mkazi wawo akukuwa kukhitchini kuti, "Afa!"

"Ndani?"

Mayiyo, misozi ili mbwembwembwe, anangowapatsa foni. Ndipo kwa nthawi yoyamba chiyambire unduna wawo, a Chinyambita anawerenga uthenga kuyambira kumutu mpaka kumchira.

Anathamangira kunyumba yachifumu nsapato zili m'manja. Munthu wokonda mbuye wake akanapita kuchipinda chogona kukaona mtembo. A Chinyambita analunjika kuchipinda cha mpando. Kumeneko anapeza nduna zina zitatu zitafika kale, pakuti akazi awonso ankaweta nkhuku. Ya Zachitetezo inali kuyeza mpando ndi tepi. Ya Zamalimidwe inali itachotsa kale chithunzi pakhoma. A Chinyambita sanataye nthawi ndi miyeso, anangokhalapo kuti amve ngati ukuwakwana. Ali chikhalire, chitseko cham'mbali chinatseguka, ndipo Mkangooo Wosayasamula analowa kuchokera ku tulo ta masana, akuyasamula.

Zimene zinanenedwa m'chipindamo sizinalembedwe. Chodziwika n'chakuti nduna zinayi zinalumbira kuti zinali kuteteza mpando kwa adani, ndipo m'mawa mwake apolisi anafika pa Tidikire kudzatenga Mayi Elube, kompyuta ndi modemu. Modemuyo anaiika m'jumbo, naimanga pakamwa kuti isalankhulenso.

Mlandu unali wa kupha Amfumu ndi zilembo zitatu. Woweruza anali a Jaji Mpenyamphepo, amene sanagamulepo mlandu asanayang'ane kaye nkhope ya munthu wamkulu m'chipindamo. Tsiku limenelo munthu wamkuluyo anali Amfumu eni ake, atakhala pambali, kudzaona amene anawapha. Khoti linadzadza ndi alimi. Mayi Elube sankayang'ana Amfumu kapena jaji. Maso ake anali pa jumbo ndi kompyuta patebulo la umboni. Ndende sankaiopa kwenikweni, poti munthu amatulukako. Koma manambala 900 akafufutidwa, zaka zisanu ndi ziwiri sizibwerera.

Alimi anabwera kudzamupulumutsa, ndipo apa ndi pamene zinthu zinaipiratu. Mboni yoyamba inali a Bizaliyele Mkwapatira, mlimi wa nkhuku za mazira, munthu wachilungamo mopitirira muyeso.

"Mutalandira uthengawu," anafunsa a Chinyambita, amene anadzipereka kukhala woimira boma, "munaganiza kuti wafa ndani?"

"Anapiye, bwana."

"Amfumu simunawaganizire?"

"N'kamodzi komwe, bwana. Ndikulumbira. Mayiwa ndi osalakwa. Amfumu sanabwere n'komwe m'mutu mwanga."

"Koma dzina lawo linali pamwamba pa uthenga!"

"Timalumpha, bwana."

A Chinyambita anasendera pafupi ndi mboni.

"Mumatani?"

"Timalumpha. Chala chinazolowera. Foni ikalira, umadina batani la pansi kasanu, uthenga umaupeza uli pamenepo. Kale kanali katatu, koma zinthu zikukwera."

A Jaji anayang'ana nkhope ya Amfumu kuti aone mphepo, koma pankhopepo panalibe chowerengeka. Pofuna kuthandiza, anapempha mboni kuti itchule mayina a Amfumu, khoti lione kuti imawadziwa pamtima. A Bizaliyele anakanda m'mutu.

"Amfumu Nditameni. Ameneyo ndikumudziwa. Kenaka Mkango... Mkango Wosa... Wosasamba?"

Kumbuyo wina anatsokomola chifuwa chachilendo, ndipo chifuwacho chinafalikira benchi yonse.

Mayi Nasiwelo anabwera kudzakonza zinthu. "Ife tisanamizire munthu, bwana. Tinalira anapiye. Akanakhala Amfumu bwenzi tili... aa, bwenzi tili kumva pa wailesi." Mboni yachitatu inati inkayesa kuti mawu a pamwambawo ndi matenda a foni, ndipo inapita nayo kawiri kwa wokonza. Mboni iliyonse inkachotsa mlandu pamutu pa Mayi Elube n'kuika china cholemera pachifuwa pa Amfumu. Kuphedwa ndi zilembo zitatu anali atakukhululukira kale mumtima, poti munthu wophedwa ndi munthu wofunika. Koma kulumphidwa ndi chala, kasanu, ndi anthu 900, sabata ndi sabata?

A Chinyambita thukuta linali kamukamu. Ngati mbonizi zikunena zoona, ndiye kuti Unduna wawo wonse, ndi antchito makumi anayi, ndi matayala a golide, unkalembera batani la pansi. Anatulutsa kabuku ka kazitape n'kuwerenga mokweza kuti anthu analira kwambiri, ena mpaka kudzigwetsa pansi.

Amfumu anakweza dzanja. Analankhula kwa Mayi Elube mwachindunji, ndipo mawu awo anali aang'ono kuposa a pa wailesi.

"Mayi, inu munalipo. Anthu aja ankalira ndani?"

Mayi Elube anaona misampha iwiri itatchedwa moyandikana. Akati ankalira Amfumu, ndiye kuti analengezadi imfa yawo, modemu yapita. Akati ankalira anapiye, ndiye kuti watsimikiza pamaso pa dziko kuti Amfumu amalumphidwa, ndipo mfumu yochititsidwa manyazi siibweza katundu wa munthu. Koma mayi amene wakhala miyezi akupanikiza bizinesi yonse m'zilembo zisanu amaphunzira kusankha mawu. Anagwada.

"Mbuye wanga, ine m'mitima ya anthu sindinalowemo. Ndinangomva zimene ankanena polira. Ankalira amene amawadyetsa. Ankalira amene amawaveka, amene amawaphunzitsira ana, amene akadwala amawagulira mankhwala. Ankati popanda iwowo mawa kulibe."

Msozi unatsika pa tsaya la Mvula ya Chilimwe.

"Ndine ameneyo," ananong'ona.

"Ndinu, mbuye wanga!" anakuwa a Chinyambita, ali kale pansi.

A Jaji Mpenyamphepo anaiona mphepo tsopano, ndipo chigamulo chinatuluka mosavuta. Khoti linapeza kuti anthu analira Amfumu. Linapeza kuti mboni zonse zinasokonezeka mitu ndi chisoni, choncho umboni wawo ufufutidwe. Linapezanso kuti anapiye sanafe, chifukwa pa tsiku la ma o palibe chimene chinafa m'dziko la Tazolowera. Mayi Elube analakwa polengeza imfa, koma poti kulakwako kunaonetsa chikondi cha anthu, Amfumu amukhululukira, ndipo katundu wake abwezedwe.

Mayi Elube anakumbatira jumbo ija ngati khanda. Anali atafika kale pakhomo pamene a Chinyambita anaimirira kulengeza mphatso ya Amfumu kwa mtundu wawo. Pokumbukira kulira kwa anthu pa Tidikire, dzina la Mkangooo liwonjezeredwa ma o ena atatu, kuti aliyense woliwerenga azimva mfuu ya tsiku lija.

Sanafunike pensulo. Pa 157 kuikapo zitatu. Anamubwezera modemu, namulanda pakamwa.

Kuti aitanitse anapiye ena anagulitsa filiji ndi njinga yake yamoto. Uwu unali mwayi womaliza, ndipo ankadziwa. Lole inafika Lachinayi 10 koloko m'mawa, ikusokosera bwino lomwe. A Jailosi anatsitsa makatoni, sitolo yonse n'kudzadza ndi kulira kwa anapiye 3,000 anjala ndi ludzu. Mayi Elube anakhala pa kompyuta. Analemba mayina onse, ndi ma o asanu ndi limodzi a Mkangoooooo, ndi mpatuliro, ndi mpata waulemu. Pakona pa sikirini panalembedwa kuti zilembo zotsala ndi 0. Anayesa kuika "A" yekha, kompyuta inakana.

"Ndiye mutumiza chiyani?" anafunsa a Lufeyo, atasuzumira pazenera.

"Amfumu okhaokha."

"Opanda kanthu kumapeto?"

"Opanda kanthu."

"Aa, ndiye ndi uthenga woona woyamba chiyambire lamuloli."

Anadina batani. Kanyali kanaphethira. Anatuluka panja n'kuima pakhomo, maso ali kumsewu. Ola linatha. Dzuwa linakwera pamalata. Anathira madzi pa masaka n'kuwapachika m'mazenera, anatsegula makatoni kuti mphepo ilowe. M'katoni ya pakona mwanapiye mmodzi anali atayamba kale kutseka maso. Mumtima ankaona alimi ake akudina batani la pansi kasanu, osapeza kanthu, n'kubweza foni m'thumba. Mantha anamugwira enieni, oposa a m'khoti.

Itangokwana 12 koloko, kabaza inaima pakhomo. Anatsika Mayi Nasiwelo, katoni yoboola ili pamutu. Kumbuyo kwawo minibasi inatsitsa a Bizaliyele ndi anthu ena asanu ndi awiri, aliyense ndi katoni yake. Kenaka ina. Kumsewu wa kumapiri kunkaoneka fumbi la njinga.

"Mwadziwa bwanji?" anafunsa Mayi Elube.

"Iii, mayi," anatero Mayi Nasiwelo akutula katoni, "ndadina kasanu, palibe kanthu. Ndiye ndinabwerera kumwamba, n'kuwerenga zonse koyamba m'moyo wanga. Ndati basi, nkhani ndi yomweyi, Amfumu afika. Ndipatseni makumi atatu, a nyama. Musankhe ochangamuka, osati ogonagona."

"Ine Amfumu a mazira, makumi asanu," anatero a Bizaliyele.

Pofika 4 koloko makatoni onse anali opanda kanthu. Anafa awiri okha. Mayi Elube anakhala pansi kuseri kwa sitolo, modemu ili m'manja, ndipo misozi imene inakana kutuluka tsiku la ma o inatuluka tsiku limenelo.

Dzina la Amfumu linakakamira pa anapiye. Mawu akalowa mumsika satulukanso ndi lamulo. Pasanathe mwezi, m'Tazolowera monse munalibenso munthu wonena kuti mwanapiye, ndipo a Chinyambita analandira malipoti okoma kuchokera kwa akazitape m'maboma onse, akuti dzina la Amfumu lili pakamwa pa aliyense, m'mawa, masana, pachitsime, m'minibasi. Anaganiza zokadzimvera okha. Anavala chipewa chachikulu, napita pa Tidikire, naima pafupi ndi mabokosi a a Lufeyo, kabuku kali m'manja. Amayi awiri anali kucheza pakhomo pa sitolo ya Mayi Elube.

"Amfumu ali bwanji kwanuko, asisi?"

"Ali bwino, koma kudya! Usana ndi usiku ali pa chakudya. Thumba lathunthu latha sabata imodzi."

"Ndi mmene alili. Ntchito yawo ndi kudya ndi kuipitsa pomwe agona. Wosesa ndiwe."

"Ndiye anenepa mpaka akulephera kuima."

"Pirirani. Akwanitsa masabata angati?"

"Asanu."

"Aa, ndiye kwatsala pang'ono. Ife kwathu tagwirizana mudzi wonse, mipeni tanola kale. Loweruka likubwerali."

A Chinyambita anatseka kabuku kawo. Anatembenukira kwa Mayi Elube, amene anali kupukuta modemu ndi nsonga ya chitenje.

"Mayi, amenewa akunena za yani?"

"Sindikudziwa, bwana," anayankha Mayi Elube mwaulemu wonse. "Ine zilembo zinandithera."